Tiff Needell sanaphunzirire kuyendetsa galimoto pa kanema

Kwa zaka zambiri, anyamata okonda mapologalamu a magalimoto kuno ku Zomba, makamaka amene amaonerera m'malo ometera tsitsi ku Chinamwali, akhala akukhulupirira kuti owulutsa mapologalamuwa ndi atolankhani odziwa kulankhula chabe, ndipo kuti galimoto ikamaseseleka chammbali pokhota, matayala akufuka utsi, ndiye kuti pachiwongolero pali munthu wina wobisika. Mbiri ya Tiff Needell, muwulutsi wa mapologalamu otere wa ku Britain, ikutsutsa maganizowa.

Iyeyu anabadwa mu 1951, ndipo anayamba mipikisano ya magalimoto atapata galimoto yaing'ono yothamangitsa ya mtundu wa Formula Ford pampikisano wa magazini ya Autosport. Mu 1980 anayendetsera timu ya Ensign pa mpikisano wapamwamba wa magalimoto wa Formula One ku Belgium, ngakhale injini inamukhumudwitsa asanamalize. Mu 1990, ali kale muwulutsi wa pologalamu ya magalimoto ya Top Gear pa kanema wa BBC, anakhala wachitatu pa mpikisano wa maola 24 wa Le Mans, akusinthana ndi anzake awiri poyendetsa galimoto ya Porsche 962. Mu 2002 anayamba kuwulutsa pologalamu ina ya magalimoto ya Fifth Gear.

Kuseseleka kuja si matsenga a kamera. Dalaivala amawonjezera moto mwadala kuti matayala akumbuyo ataye mphamvu yogwira msewu, kenako amapotoza chiwongolero kulozera komwe mbuyo ikuthawira. Amachitira zimenezi pabwalo lotsekedwa, losiyana kwambiri ndi msewu wokhotakhota wokwera ku Ku Chawe, momwe mumatsika njinga zosenza nkhuni.