Malole aima pakhomo pathu: komiti ya bairo iyambire pati?

Kuno m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kuchokera ku Moatize kukafika ku Zóbuè, ngakhalenso ku Ulongué pa msewu wopita ku Calómuè, anthu okhala m'mphepete mwa msewu akudandaula zofanana. Malole akuima paliponse, njinga zamoto zikuthamanga ngati palibe anthu, ndipo mashopu atsopano akumera mpaka kukhudza phula. Komiti ya bairo (dera la m'tauni lokhalamo anthu) ikakhala pansi, pempho loyamba limakhala lakuti boma liike lomba, mahampu aja ochepetsa liwiro. Pempholi ndi lomveka, ndipo pafupi ndi sukulu kapena chipatala ine ndimaligwirizana nalo. Koma monga munthu wogwira ntchito ya mapulani a misewu ndi malo, ndikufuna makomiti adziwe kuti gwero la mavutowa ndi malo, ndipo malowo akutha tsiku ndi tsiku tikuyang'ana.

Tiyambe ndi lole yoima, imene ambiri amaiona ngati yosaopsa poti siikuyenda. Imani madzulo pamene ana akuweruka kusukulu. Lole yaitali yaima theka pa phula, theka pa dothi. Pansi pake dalaivala wayatsa mbaula akuphika, pambali mayi akugulitsa chimanga chootcha. Mwana wa giredi yoyamba akufuna kuwoloka, ndipo mutu wake sukupitirira n'komwe matayala a loleyo. Iye sakuona galimoto imene ikubwera, woyendetsa galimotoyo sakumuonanso. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi yokha. Sekondi imeneyo imatha phazi la woyendetsa lisanafike pa buleki. Ngozi zambiri za m'matauni a m'mbali mwa msewu zimayamba chonchi, chifukwa wina watsekereza maso a anzake.

Palinso kuwonongeka kwapang'onopang'ono. Lole yolemera ikamatsika ndi kukwera pa phula malo amodzimodzi, m'mphepete mwa phulalo mumanyenyeka. Ngalande imaphwanyika n'kudzaza dothi, ndipo mvula ya mu Januwale ikagwa madzi amasowa kolowera, n'kukathera m'nyumba za m'munsi mwa msewu. Eni nyumbazo amaimba mlandu mvula, pomwe vuto linayambira pa matayala.

Tsono madalaivala tisawatenge ngati adani. Ku Zóbuè ambiri amaima podikira mapepala a kasitomu kuti alowe ku Mwanza. Ena atopa ndi ulendo wochokera ku Beira, ndipo dalaivala wotopa ndi bwino agone kusiyana n'kuti apitirize. Ena akudikira kupakira mbatatesi za ku Tsangano ndi ku Angónia, chimanga kapena fodya, zomwe ndi chuma chathu chomwe. Amagula nsima, madzi ndi makala kwa anthu a m'bairo momwemo. Lole iyenera kuima penapake. Mukaithamangitsa pakhomo panu popanda kuilozera kwina, imangosunthira ku bairo ya anzanu. Taonani zimene zinachitika mumzinda wa Tete. Kwa zaka zambiri malole onse ankadutsa pa mlatho wa Samora Machel, pakatikati pa mzinda. Chimene chinasintha zinthu ndi mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014 kumunsi kwa Zambezi: malole anapatsidwa njira ina. Bairo singamange mlatho, koma ingathe kumenyera nkhondo malo oimikapo malole.

Komiti isanalembe kalata, idziwe mwini msewu. Misewu ya dziko lonse, monga N7 yodutsa ku Tete, Moatize ndi Zóbuè, ili m'manja mwa ANE, bungwe loyang'anira misewu ya dziko. Tinjira ta m'kati mwa tauni ngati Ulongué kapena Moatize timayang'aniridwa ndi munisipiyo (khonsolo ya tauni), yomwenso imakhazikitsa malamulo a m'tauni onena za poimika magalimoto ndi pogulitsira malonda. Ku Zóbuè kulibe munisipiyo, choncho nkhani imadzera ku posto, ofesi ya boma ya m'deralo, n'kukafika ku boma la Moatize. Makalata ambiri amafera m'madirowa chifukwa anapita ku ofesi yosayenera.

Ndipo chonde, musadzimangire nokha lomba. Ndikudziwa mkwiyo umene umabwera mwana akagundidwa, achinyamata n'kuunjika dothi ndi miyala pamsewu tsiku lomwelo. Koma lomba yopanda muyeso, yopanda penti ndi chikwangwani chochenjeza, imapha wa njinga yamoto usiku, imazunza wodwala ali mu ambulansi, ndipo lole yodzaza ikaidzidzimukira imatha kuphonya msewu n'kulowa m'nyumba. Ngakhale lomba yomangidwa bwino ili ndi mtengo wake: amene agona pafupi nayo amamva mabuleki ndi kugunda kwa ngolo usiku wonse.

Tibwere ku nkhani ya malo. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ndi ya boma, ndipo munthu amakhala ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene timautcha DUAT. Lamulo lomwelo limapatula malo otetezedwa m'mbali mwa misewu: mamita 30 mbali iliyonse pa misewu ikuluikulu ngati N7, ndi mamita 15 pa misewu yocheperapo. M'malo amenewa munthu sangapeze DUAT, koma chilolezo chapadera chokha. Anthu ambiri sadziwa zimenezi. Amalipira ndalama zambiri, amamanga shopu ya njerwa zootcha masitepe asanu kuchokera pa phula, ndipo tsiku lokuza msewu likafika misozi imakhala yawo. Komiti yochenjeza munthu asanakumbe maziko yamuthandiza kuposa imene idzamulirire nyumba ikugwetsedwa. Malo opatulidwawo ndi amene amapatsa mpata woyenda pansi, ngalande, poimira chapa (maminibasi onyamula anthu), ndi maso a dalaivala kuti aone patali.

Chitukuko chikamabwera, kaya ndi malo omwetsera mafuta, nyumba yosungira katundu kapena malo ogona alendo, funso la komiti likhale limodzi ndipo lifunsidwe ntchito isanayambe: magalimoto obwera pano adzaima pati? Ngati pulani ikuonetsa nyumba yodzaza puloti yonse, ndiye kuti mwini wake waganiza kale kuti makasitomala ake adzaima pamsewu wa tonse. Kumadera kumene lamulo limafuna kuti anthu afunsidwe maganizo malo asanaperekedwe, msonkhano umenewo si wongokasainira. Pitani, funsani, ndipo onetsetsani kuti zimene mwagwirizana zalembedwa m'kaundula wa msonkhanowo musanaike dzina kapena chidindo cha chala.

Akuluakulu a m'maofesi amamva msanga mukabwera ndi umboni. Gulani kope. Kwa sabata imodzi, m'mawa, masana ndi usiku, wina alembe malole amene aima, pamene aima ndi nthawi imene akhala. Jambulani mapu a pamanja oonetsa sukulu, msika, mjigo ndi pamene ana amawolokera. Aphunzitsi ndi anamwino amadziwa malo amene anthu amavulalira. Kalata ipite ndi zimenezi, ndipo kope lake lidindidwe ku ofesi kuti mukhale ndi poyambira mukadzabwereranso. Kumene kuli munisipiyo, misonkhano ya asembuleya, bwalo la nthumwi zosankhidwa za tauniyo, ndi yotseguka kwa anthu, choncho kakhaleni pamenepo nkhani yanu ikamakambidwa. Gulu likafuna kulembetsedwa mwalamulo ngati bungwe, lamulo la 1991 limafuna anthu oyambitsa osachepera khumi.

M'komitimo musangokhala eni nyumba okhaokha. Sekeletale wa bairo ndi amfumu akhalemo, inde, koma muitanenso amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, anyamata a njinga zonyamula anthu, ndi madalaivala amene amaima kawirikawiri. Amayiwa ndiwo adzakane zolimba ngati malole achotsedwa iwo osauzidwa kumene makasitomala awo apita, ndipo adzakhala akunena zoona.

Malo oimikapo malole sasowa phula tsiku loyamba. Pakufunika bwalo lathyathyathya lothiridwa miyala kuti matayala asatitimire m'dzinja, polowera ndi potulukira poonekera patali, chimbudzi, madzi, magetsi ndi mlonda. Ogulitsa zakudya apatsidwe mzere wawo momwemo. Zikasowa zimenezi, dalaivala amene akuopa kuberedwa mafuta ndi mabatire adzabwerera pomwe pali anthu ndi kuwala, pamsewu paja. Ndipo bwalo loterolo lipemphedwe tsopano, kunja kwa tauni kudakali minda, chifukwa mapuloti akagawidwa boma lidzafunika kusamutsa mabanja ndi kulipira chipukutamisozi kuti lipeze malo omwe lero angapatulidwe ndi msonkhano umodzi wa amfumu, eni minda ndi a boma.