Kulembetsa kampani sikusamutsa umwini wa zimene munapanga

Achinyamata ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje amene ayamba mabizinesi a pulogalamu za pafoni, zojambula kapena zakudya zokhala ndi dzina lakelake amabwera kwa ife maloya ndi chikalata cha kampani m'manja, akukhulupirira kuti zonse zimene anapanga tsopano ndi za kampaniyo. Ndatopa nawo maganizo amenewa, chifukwa ndi olakwika ndipo akuwonongetsa anthu olimbikira.

Pansi pa lamulo la makampani la 2013, kampani ndi munthu payokha, wosiyana ndi eni masheya ake. Pulogalamu imene munalemba usiku ku Nchalo kampani isanabadwe inali yanu pa tsiku limene munailemba, ndipo idakali yanu lero, ngakhale kampani ikuigwiritsa ntchito ndi kupezerapo ndalama. Tonse kuno kuchigwa tikudziwa kuti ng'ombe yoikiza m'khola la mnzako siisintha mwini, ngakhale itakhalamo zaka zambiri n'kuswa. Kuti umwini uchoke kwa inu n'kupita ku kampani, pamafunika kalata yosamutsa umwini, yolembedwa ndi yosainidwa ndi mwiniwakeyo, yotchula bwinobwino chimene chikusamutsidwa ndiponso chimene iye akulandira m'malo mwake, kaya ndi masheya kaya ndi ndalama.

Pali nkhani imodzi imene imandiwawabe mpaka pano. Anyamata atatu anakonza pulogalamu yothandiza ogula ndi ogulitsa ziweto kumisika ya kuno kusunga mbiri ya ng'ombe ndi mbuzi, mitengo yake ndi ngongole. Mmodzi ndiye analemba pulogalamu yonse pa laputopu yake, wina ankayenda m'misika kukopa makasitomala, wachitatu ankasunga mabuku. Anali mabwenzi a kusukulu, ndipo nkhani ya kalata ankaiona ngati kusakhulupirirana. Bungwe lina litafuna kuikamo ndalama, funso loyamba la loya wake linali lakuti aonetse umboni woti pulogalamuyo ndi ya kampani. Pa nthawiyo wolemba uja anali atamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo atadwala kwa nthawi yochepa.

Umwini wa pulogalamuyo unalowa m'gulu la chuma cha masiye, motsatira lamulo la 2011 loona za chuma cha anthu omwalira, ndipo malemuyo sanasiye wilo. Mkazi wamasiye anali wokonzeka kusaina, koma akuchimuna anali atamva kuti muli ndalama, ndipo palibe amene akanasaina movomerezeka khoti lisanapereke mphamvu zoyendetsera chumacho. Sindikuwadzudzula achibalewo, popeza mwalamulo ana a malemuyo anali ndi gawo lawo. Chimene chimandipweteka n'chakuti pepala la masamba awiri, losainidwa mwini wake ali moyo, likanateteza kampani ndiponso likanapatsa anawo masheya oonekeratu. Bungwe lija silinadikire, ndipo anyamata awiri otsalawo anabalalika.

Imfa si yokha imene imabweretsa vutoli. Mnzanu akhoza kupita ku Johannesburg kukafuna ntchito, kapena mukhoza kuyambana, ndipo siginecha imene lero ikanakhala yaulere idzakhala ndi mtengo wake. Chizindikiro cha malonda nachonso chimavuta chimodzimodzi: ngati chinalembetsedwa pansi pa lamulo la zizindikiro za malonda la 2018 m'dzina la munthu mmodzi, kapena kudzera ku ARIPO ku Harare, bungwe lolembetsa zizindikiro zotere m'maiko angapo a mu Africa, kusamutsako kuyenera kukalembedwanso m'kaundula, apo ayi m'mabuku a boma mwini wake akhalabe yemwe uja. Musaiwalenso wojambula amene anakupangirani logo mutamulipira pa Airtel Money, dzina la webusaiti yanu, ndi tsamba la Facebook limene pasiwedi yake ili m'mutu mwa munthu mmodzi.

Ndiyenera kuchenjeza mwamphamvu za madobadoba amene amakulandirani mukangokwera mtunda wa ku Thabwa n'kufika ku Blantyre. Iwo amakulembetserani kampani, kukupatsani chikalata chokhala ndi chidindo, n'kukuuzani kuti zonse zatha. Ena amakopera pa intaneti mapangano olembedwera malamulo a ku America, otchula makhoti a ku Delaware, ndipo inu mumasaina osawerenga. Ndinaonapo kalata yonena kuti mwini wake "adzasamutsa" umwini m'tsogolo, pamene imayenera kunena kuti akusamutsa tsopano. Kalata yotere ndi lonjezo chabe, ndipo lonjezo limafuna kuti mukalitsate kukhoti. Musanalipire aliyense, funsani ku bungwe la maloya la Malawi Law Society ngati ali ndi chiphaso chogwirira ntchito ya uloya chaka chino.

Ngati kampani yanu ilipo kale, khalani pansi sabata ino, mulembe chilichonse chimene aliyense wa inu anabwera nacho ndi dzina la amene anachipanga, kenako mupite nawo mndandandawo kwa loya pamene onse oyenera kusaina akadali pafupi ndiponso mukumvanabe.