Ndulu ya nkhuku ndi mabakiteriya amene amalimbana nayo

Ndikatumbula nkhuku yakufa kuti ndione chaipha, maso anga amayamba afika pa kathumba kobiriwira ka ndulu kamene kamamatirira kuchiwindi. Kakakhala kofufuma ngati kaphulika, ndimadziwiratu kuti nkhukuyo inaleka kudya isanafe, chifukwa ndulu imatsika m'matumbo chakudya chikamadutsa. Zitosi zobiriwira kwambiri za nkhuku yodwala nthawi zambiri zimakhala ndulu yomweyi, itasowa chakudya choti isakanikirane nacho. Ambiri amangoidziwa ndulu ndi kuwawa kwake. Koma m'mimba mwa nkhuku yamoyo, madzi amenewa ndi amene amagamula kuti ndi mabakiteriya ati akhale m'matumbo, komanso akhale pati.

Chiwindi chimapanga michere ya ndulu kuchokera ku kolesitelo, mtundu wina wa mafuta a m'thupi. Mwa nkhuku, wochuluka ndi chenodeoxycholic acid, wotsatira ndi cholic acid, ndipo yonse imatuluka itamangiriridwa ku kachinthu kotchedwa taurine. Imathiridwa m'matumbo kudzera m'timitsempha tiwiri, chakumapeto kwa chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, chakudya chitangochoka m'nthutumba. Ntchito yake ndi ya sopo: kuphwanya mafuta kukhala timadontho ting'onoting'ono kuti thupi liwayamwe. Ikamaliza siitayidwa ayi. Yochuluka zedi imayamwidwanso kumunsi kwa matumbo aang'ono n'kubwerera kuchiwindi, kenaka n'kuyambiranso ulendo womwewo.

Tsono kakhungu kokuta bakiteriya aliyense n'kopangidwa ndi mafuta. Sopo wosungunula mafuta a m'chakudya sasankha, amaboolanso kakhungu kameneka, ndipo akalowa m'kati amaononga mapuloteni ndi DNA, imene imasunga malangizo a chibadwa cha bakiteriyayo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kumtunda kwa matumbo kumakhalira mabakiteriya ochepa, pomwe m'timatumba tiwiri tosatulukira ta kumapeto, totchedwa caeca, amapitirira 10 biliyoni pa galamu imodzi ya zam'katimo.

Pali ena amene ndulu siiwaopsa. Mabakiteriya monga E. coli ndi Salmonella ali ndi kakhungu kachiwiri kunja, kamene ndulu imavutika kukaboola. Katswiri wa ku Britain, Alfred MacConkey, anagwiritsa ntchito khalidwe limeneli cha m'ma 1900 pothira michere ya ndulu m'chakudya chomeretsera mabakiteriya m'labotale, ndipo mpaka lero timachitabe zomwezo. Ukapaka zitosi pa kambale ka chakudya chimenechi madzulo, m'mawa umapeza timadontho tofiirira ta E. coli, mwina ndi totuwa ta Salmonella. Ambiri a enawo sanamere n'komwe.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi Campylobacter jejuni. Ameneyu amakonda kutentha kwa madigiri 42, komwe kuli pafupi ndi kutentha kwa thupi la nkhuku, ndipo amadzazana mu caeca nkhukuyo ikuoneka yabwinobwino. Wodwala amakhala munthu amene wadya nyama yosapsa bwino, kapena chakudya chimene chakhudzana ndi madzi a nyama yaiwisi. Bakiteriyayu ali ndi kapampu kotchedwa CmeABC, kamene kamalavula ndulu ikangolowa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2003 anaonetsa kuti akamuonongera kapampuka amalephera kukhazikika m'matumbo mwa nkhuku. Ndipo woyatsa pampuyo ndi ndulu yomwe: ikagwira puloteni yotchedwa CmeR, imene imatsekereza majini (malangizo a mu DNA) opangira pampuyo, chotsekerezacho chimamasuka ndipo mapampu amapangidwa ambiri. Choipa chake n'chakuti pampu yomweyo imalavulanso maantibayotiki monga ciprofloxacin ndi erythromycin, mankhwala amene madokotala amawadalira munthu akadwala matendawa kwambiri. Chida chimene bakiteriya anachipeza polimbana ndi ndulu chimamuthandizanso polimbana ndi ife.

Salmonella nayenso ali ndi pampu yake, AcrAB, koma amaonjezera china: ndulu imamuuza pamene ali. M'labotale, ndulu ikachuluka amazimitsa majini amene amagwiritsa ntchito polowa m'maselo a matumbo. Akatswiri amamasulira kuti amadikira kaye mpaka afike pafupi ndi khoma la matumbo, pansi pa zonanda ngati mamina zotchinjiriza khomalo, pamene ndulu yachepa mphamvu.

Gulu lachitatu silithawa ndulu kapena kuilavula, koma limaidula. Lactobacillus, Enterococcus ndi mitundu ina ya Clostridium ali ndi enzaimu (puloteni yogwira ntchito ngati chida) yotchedwa bile salt hydrolase, mwachidule BSH, imene imachotsa taurine uja pa mchere wa ndulu. Apa m'pamene nkhaniyi imafika m'thumba mwa mlimi. Ndulu yodulidwa ndi sopo wofooka. Siisakaniza bwino mafuta, ina imaundana n'kutuluka ndi zitosi, ndipo chiwindi chimayenera kupanga ina m'malo mwake. Kudulako kukachitika msanga, kumtunda kwa matumbo, mafuta amene mlimi anagula m'chakudya amathera pansi m'khola.

Anapiye ndiwo amapwetekeka kwambiri. M'sabata yoyamba ya moyo wawo amatulutsa ndulu yochepa kale, n'chifukwa chake mafuta olimba a nyama amawavuta kugaya kusiyana ndi mafuta amadzimadzi ochokera ku mbewu. Chakudya chochuluka tirigu, balere kapena rye chimakulitsa vutoli. Mbewu zimenezi zili ndi ulusi wosungunuka umene umachititsa zam'matumbo kukhala zonanda ngati phala. Chakudya chimayenda pang'onopang'ono, mabakiteriya amapeza mpata woswana kumtunda, ndipo ndulu imadulidwa ntchito yake isanathe. Mlimi amangoona zitosi zomata kumbuyo kwa anapiye, utuchi wonyowa, ndi nkhuku zodya kwambiri koma zosalemera.

Kuchokera cha m'ma 1950, alimi m'maiko ambiri ankathira maantibayotiki pang'onopang'ono m'chakudya chifukwa nkhuku zinkakula msanga, ngakhale chifukwa chake sichinkamveka bwino. Mu 1987, Feighner ndi Dashkevicz anaonetsa kuti mankhwalawa amachepetsa kudulidwa kwa ndulu m'matumbo mwa nkhuku, ndipo ichi chinafotokoza mbali ina ya nkhaniyo. Maiko a European Union analetsa mchitidwewu kuyambira mu 2006 poopa mabakiteriya osamva mankhwala. Ine ndimagwirizana ndi chiletsocho ndi mtima wonse. Ngati vuto lili pa enzaimu imodzi, palibe chifukwa chopululira mtundu wonse wa mabakiteriya, ndipo ofufuza ena akusaka kale zinthu zofooketsa BSH yekhayo.

Komabe BSH si mdani paliponse. Ndulu yochepa imene yazemba kuyamwidwa imakafika mu caeca, ndipo kumeneko kudulidwa kwake ndi sitepe yoyamba ya chinthu chothandiza. Mitundu yowerengeka ya mabakiteriya, monga Clostridium scindens, imatenga cholic acid wodulidwa uja n'kumusandutsa deoxycholic acid, amene ndi waukali kwambiri pa mabakiteriya ena. Ofufuza a pa University of Arkansas ku America anapeza kuti kupatsa nkhuku asidi ameneyu kunachepetsa matenda owoletsa matumbo obwera ndi Clostridium perfringens, komanso kunachepetsa Campylobacter. Amene anaonapo matumbo a nkhuku yofa ndi matenda owoletsawa, m'kati mwake mutayalika chinthu chokhakhala chachikasu chotuwa, akhoza kumvetsa chifukwa chake nkhaniyi inandikondweretsa. Koma njira yomweyo ikagwira chenodeoxycholic acid, amene ndiye wochuluka mwa nkhuku, imatulutsa lithocholic acid, ndipo ameneyu akachuluka amapweteka chiwindi. Choncho sindingalangize aliyense kuthamangira kuthira michere ya ndulu m'chakudya popanda kudziwa kuti ndi mchere uti, ndipo ukasanduka chiyani kumunsi.

Funso limene alimi amandifunsa kawirikawiri ndi la maprobayotiki, mabakiteriya amoyo ogulitsidwa kuti aziikidwa m'madzi kapena m'chakudya cha nkhuku. Opanga amakonda kunena kuti mabakiteriya awo amapirira ndulu, ndipo n'zoona kuti osapirira sangafike patali ali amoyo. Koma ambiri a Lactobacillus opirira ndulu ali ndi BSH, enzaimu yomwe ija imene imamana mwanapiye mafuta. Kuonjezera apo, mayeso a kupiriraku kawirikawiri amachitika ndi ndulu ya ng'ombe ya ufa, pa mlingo wa 0.3 peresenti. Ndulu ya ng'ombe ili ndi cholic acid ndi deoxycholic acid wambiri, ndipo ina mwa michere yake imamangiriridwa ku glycine, zimene n'zosiyana ndi za nkhuku. Ndiye wina akandionetsa paketi yolembedwa kuti mabakiteriya ake amapirira ndulu, ndimamufunsa kuti anayesa ndi ndulu ya nyama iti, komanso ngati anapima kulemera kwa nkhuku zimene zinawamwa n'kuyerekeza ndi chakudya chimene zinadya.