Nsanja ya Milarepa ndi mkangano wa kumvera mphunzitsi

Ku Lhodrak, kummwera kwa Tibet, kuli nsanja yamiyala yosanjikizana ka 9 yotchedwa Sekhar Guthok. Abuda akumeneko amati anaimanga ndi munthu mmodzi, Milarepa, amene anadzakhala mphunzitsi wotchuka wa Chibuda, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1000. Mpaka lero, Abuda akamakangana zoti wophunzira amvere mphunzitsi mpaka pati, nsanjayi siilephera kutchulidwa.

Nkhani yake imayamba ndi chuma chamasiye. Bambo a Milarepa atamwalira, achibale akuchimuna analanda zonse, mayi ndi ana n'kusanduka antchito pakhomo pawo pomwe. Mayiyo, mtima uli chiwawire, anatumiza mwana wake kukaphunzira ufiti. Akuti ndi ufitiwo Milarepa anagwetsa nyumba ya achibale aja pa tsiku la ukwati, anthu 35 n'kufera pomwepo. Chikumbumtima chitamusowetsa tulo, Milarepa anapita kwa Marpa, mlimi wapabanja amene anayenda maulendo a ku India kukaphunzira Chibuda kwa mphunzitsi wotchuka Naropa.

Marpa sanamuphunzitse kanthu. Anamuuza kuti amange nyumba, ndipo itafika pakati anati aigwetse, miyala aibweze komwe anaitenga. Anatero kangapo, mpaka pamapeto pake anamumangitsa nsanja ija. Msana wa Milarepa unachita zilonda, moti Dagmema, mkazi wa Marpa, ankamupatsa chakudya n'kumamupepesera kwa mwamuna wake. Patapita nthawi Marpa anamulandira ngati mwana, n'kumuuza kuti mavuto onsewo anali ochapa magazi amene anakhetsa.

Nkhaniyi imandikhudza, chifukwa munthu wopha anzake anapeza wina wosamutaya. Koma tizikumbukira kuti mbiri yotchukayi inalembedwa mu 1488 ndi Tsangnyön Heruka, patapita zaka zoposa 300 Milarepa atamwalira, ndiponso kuti Buddha mwini sankachita zotere.

Devadatta, msuweni wa Buddha, atapempha kuti amusiyire gulu la amonke, Buddha anakana. Ali pafupi kumwalira ku Kusinara, anauza Ananda, mmonke amene ankamutumikira, kuti chiphunzitso ndi malamulo amene wasiya ndiwo adzakhale mphunzitsi wawo. Sanaloze wolowa m'malo. Sikuti ankapeputsa aphunzitsi ayi. Ananda atanena kuti bwenzi labwino ndi theka la moyo wodzipereka, iye anamukonza kuti si theka, ndi moyo wonsewo. Malamulo a amonke, otchedwa Vinaya, amati mmonke watsopano akhale pansi pa mphunzitsi zaka zosachepera 5, azimutsukira mbale, azimusesera m'chipinda. Koma udindo uli mbali zonse. Wophunzira akadwala, mphunzitsi ndiye amudwazike. Mphunzitsi akayamba kusokera, wophunzira ali ndi udindo womubweza. Paja wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale mwana.

Mwambo woona mphunzitsi ngati Buddha weniweni unakula pambuyo pake, m'chiphunzitso cha tantra cha ku India, chomwe ndi nthambi ya Chibuda ya miyambo yachinsinsi, n'kukazika mizu ku Tibet. Ngakhale kumeneko anaika mpanda: munthu amufufuze mphunzitsi, ngakhale kwa zaka 12, asanalumbire kuti ndi wake.

Mpanda umenewu ndi umene unagwa Chibuda cha ku Tibet chitafalikira ku Ulaya ndi ku America m'ma 1960 ndi 1970. Anthu ankalumbira kwa lama (mphunzitsi wa Chibuda cha ku Tibet) amene angomuona masiku ochepa, ndipo akazunzidwa ankadzitonthoza ndi zilonda za Milarepa. Mu March 1993, aphunzitsi 22 a mayiko a azungu anakumana ndi Dalai Lama, mtsogoleri wotchuka wa Abuda a ku Tibet, ku Dharamsala ku India n'kumudandaulira za nkhanza, chiwerewere ndi kudya ndalama. Iye anawauza kuti mphunzitsi wotere adzudzulidwe, ndipo akapanda kusintha, zochita zake ziululidwe poyera.

Ambiri anaopabe, poganiza kuti kuulula ndi kuswa lumbiro, tchimo limene amakhulupirira kuti limagwetsera munthu kumalo a mazunzo akamwalira. Mu July 2017, ophunzira 8 a Sogyal Rinpoche, lama amene anayambitsa bungwe la Chibuda la Rigpa, analemba kalata yomuneneza kuti ankawamenya ndi kugwiritsa ntchito akazi molakwika. Mwezi wotsatira anatula udindo, ndipo kafukufuku wa maloya wa mu 2018 anapeza kuti zambiri zinali zoona. Ena mwa olemba kalatayo anali atamutumikira zaka zoposa 20 asanatsegule pakamwa.