Kuseri kwa timitengo ta malire: zimene ndimauza ofuna off-piste ku Alps

Chaka chilichonse, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndimaphunzitsa anthu kutsetsereka ndi ma ski pa chipale chofewa kumapiri a Alps, m'chigawo cha Savoie ku France. Masiku ano nkhope zakwathu nazo zayamba kuoneka, makamaka abale okhala ku Britain amene amabwera kutchuthi ndi anzawo akuntchito kapena ndi ana awo. Njira zimakhala ndi mitundu yosonyeza kuvuta kwake: amayambira pa zobiriwira, zophweka kuposa zonse, chaka chotsatira za buluu, kenako zofiira. Pofika ulendo wachitatu kapena wachinayi, tili pa lifiti, mpando wolendewera pa chingwe wotikweza phiri, miyendo ili lende, munthu amaloza chakumbali kumene chipale chili mbee, chosapondedwa, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi uko n'koletsedwa?"

Kumalo ambiri kuno n'kosaletsedwa. Uko ndi kumene amati off-piste, Afalansa amati hors-piste, ndipo sindibisa, ine ndimakukonda kuposa kwina kulikonse. Chipale chikagwa usiku n'kulekeza m'mawondo, ma ski sachita phokoso ngati pa njira yopondedwa. Umangomva ngati ukuyandama, fumbi loyera likukuwaza kumaso, phiri lonse lili zii. Amene walawa kamodzi ndi wovuta kumubweza, choncho ndi bwino adziwiretu zimene zili kuseri kwa timitengo tosonyeza malire a njira.

Piste ndi njira imene eni malo anaikonza ndipo amaiyang'anira. Usiku zimagalimoto zoyenda pa malamba zimaisalaza. Chipale chikagwa chambiri, m'bandakucha akatswiri otchedwa pisteurs amakwera kukaphulitsa mabomba m'mitsetse imene ili pamwamba pa njirazo, kuti chofuna kugumuka chigumukiretu anthu asanafike. Pamene pali mwala kapena phompho amaikapo chizindikiro kapena ukonde, ndipo madzulo amatsika komaliza kuona ngati pali wotsalira. Chisamaliro chonsechi chimathera pa timitengo tozikidwa m'mbali mwa njira. Mukatidutsa, ngakhale ndi mamita 5 okha, mwalowa m'phiri lenileni. Amene anazolowera ku America kapena ku Canada amasokonekera pamenepa, chifukwa kumeneko amateteza dera lonse la mkati mwa mpanda wa malo a ski. Ku Ulaya amateteza njira zokha.

Pa 29 Disembala 2013, Michael Schumacher, katswiri wa mpikisano wa magalimoto wa Formula 1, anagwa ku Méribel pa kachigawo kosakonzedwa pakati pa njira ziwiri n'kumenyetsa mutu pamwala. Ski ankaidziwa bwino, chipewa chodzitetezera anavala, koma anavulala koopsa. Malo amenewo ali pafupi kwambiri ndi njira yokonzedwa.

Komabe chimene chimapha ambiri ndi chigumukire cha chipale. Amene munakulira m'munsi mwa Mulanje, Michesi kapena Zomba mumamudziwa napolo, momwe phiri limamasukira n'kutsika ndi zonse. Kusiyana kwake n'kwakuti napolo amabwera yekha mvula ikachuluka, pomwe pa anthu 10 okokoledwa ndi chigumukire, pafupifupi 9 amachiyambitsa okha kapena amachiyambitsa ndi mnzawo wa pagulu lomwelo. M'mapiri a Alps onse pamodzi, anthu pafupifupi 100 amafa nacho pa chaka.

Zimachitika motere. Chipale cha m'phiri chimasanjikizana, chilichonse ndi tsiku lake logwera komanso nyengo yake. Kukazizira kwambiri kwa masiku angapo kumwamba kuli ngwee, china chimasanduka timibulu tosagwirana, ngati shuga. Mukachitapa m'manja sichiumbika, chimangoyoyoka. Kenako kumagwa china pamwamba, mphepo n'kuchiunjika ndi kuchitsendera mpaka chikhale chogwirana ngati thabwa. Tsopano ganizirani chitseko chimene mwachigoneka pamwamba pa nyemba zouma, pamalo otsetsereka. Chikhoza kukhala pomwepo sabata yathunthu. Wina akangopondapo, mng'alu umathamanga mbali zonse, nthawi zina mamita mazana angapo, ndipo chitseko chonsecho chimanyamuka nthawi imodzi munthu ali pakati pake. M'kamphindi liwiro limaposa makilomita 100 pa ola. Luso la ski silithandiza pamenepo, ndipo ndicho chinthu chimene odziwa kutsetsereka bwino amavutika kuchilandira.

Zigumukire zotere zimayambira kwambiri pa mitsetse ya madigiri 30 mpaka 45, kufanana ndi malo otsetsereka zedi a njira yakuda, yovuta kuposa zonse. Tsoka lake, pomwepo ndi pamene pamakoma kutsetserekapo. Pamalo osafika madigiri 30 ngozi imachepa kwambiri, malinga ngati pamwamba panu palibe mtsetse waukulu umene ungakutsikireni. Ine ndimauza ophunzira kuti azikweza maso nthawi zonse, chifukwa kumene ukuponda kukhoza kukhala kwabwino chikhalirecho chokuopsa chili kumwamba.

Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma ili limasiyako fungo kwa wodziwa kununkhiza. Kuyambira mu 1993 mayiko a ku Ulaya amagwiritsa ntchito muyeso umodzi wa ngozi ya chigumukire, kuchokera pa 1 kufika pa 5. Kuno amaulengeza a zanyengo a Météo-France madzulo alionse, ku Switzerland ndi bungwe la SLF la ku Davos, ndipo nambala ya tsikulo mumaipeza pamalo okwerera lifiti. Apa ndi pamene ndimakhalitsa ndi ophunzira anga, chifukwa ambiri akaona 3 amati ili pakatikati, ndiye kuti zilibwino. Ayi ndithu. Pafupifupi theka la anthu onse ofa ndi chigumukire amafa tsiku la 3. Pa 4 ndi 5 anthu amachita mantha okha, malifiti ena amatsekedwa. Pa 3 dzuwa likhoza kuwala bwinobwino, chipale chili chatsopano, aliyense mtima uli dyokodyoko, pomwe phazi la munthu mmodzi ndi lokwanira kumasula mtsetse wonse. Ndiponso nambala yokha siikwanira. Chilengezo chija chimanenanso mbali ya phiri imene ili yoopsa, kaya ndi yoyang'ana kumpoto kapena kummawa, komanso kuyambira pa mamita angati kupita kumwamba. Muziwerenga mawu onse.

Phiri nalo limalankhula. Mukaona pamene pagumuka kumene tsiku lomwelo, pamalo ofanana ndi amene mukufuna kutsikira, yankho mwalipeza kale. Mukaona ming'alu ikuthamanga kuchokera kunsonga kwa ma ski anu, bwererani. Palinso phokoso lina limene amene analimvapo saliiwala: ukuyenda pamalo afulati, pansi pamangoti "bii!" ndipo umamva chipale chikutitimira pang'ono pansi pa mapazi. Ndi shuga uja waphwanyika. Tsiku lina ndinali ndi gulu la anthu anayi pamene tinamva phokosoli, tikuyandikira mtsetse umene tinaukonzekera m'mawa wonse. Mmodzi anakwiya kuti walipira ndalama zake, ndipo akuona mikwasa ya ena amene adutsa kale. Ndinamuuza kuti mikwasa imangosonyeza kuti anzathuwo sanaponde pamalo ofooka, ndipo wa nambala 10 akhoza kupondapo. Tinatsikira njira ina yofatsa, ya m'mitengo.

Tsopano tinene za nthawi. Chigumukire chikaima, chipale chija chimauma kuti gwa, ngati simenti. Wokwiririka satha kusuntha ngakhale chala, ndipo chimene chimamupha kawirikawiri ndi kubanika. Kafukufuku wa ku Switzerland anaonetsa kuti pa anthu 10 ofukulidwa mkati mwa mphindi 15, pafupifupi 9 amapezeka amoyo, koma zikafika mphindi 35 amatsala atatu okha. Prince Friso wa ku Netherlands anakwiririka ku Lech, m'dziko la Austria, mu Febuluwale 2012 kwa mphindi zoposa 20. Anamufukula, koma ubongo unali utaonongeka, ndipo anamwalira mu Ogasiti 2013. Imbani nambala ya pangozi ya 112 mwachangu, inde, koma helikopita siifika m'mphindi 15 kawirikawiri. Amene angakufukuleni muli moyo ndi anzanu amene muli nawo pamalopo.

N'chifukwa chake aliyense pagulu amanyamula zinthu zitatu. Choyamba ndi kachipangizo kotchedwa transceiver, kuno timati DVA, kamene mumavala pathupi mkati mwa jekete. Kamatumiza chizindikiro pa 457 kHz, ndipo wina akakwiririka otsalawo amatembenuza tawo kuti tiyambe kufufuza. Foni ikhale kutali nako ndi masentimita 20, ndipo pofufuza 50, chifukwa imasokoneza. Chachiwiri ndi ndodo yopinda ya mamita awiri ndi theka kapena kuposa, yobayira m'chipale mpaka mutamukhudza munthu. Chachitatu ndi fosholo yachitsulo, yapulasitiki imathyoka. Munthu amene ali mita imodzi pansi, kuti mumufike mumachotsa chipale choposa tani imodzi, choncho kukumba kumadya nthawi kuposa kufufuza. Pali zikwama zokhala ndi chibaluni chimene chimafufuma mukakoka chingwe, ndipo zimathandiza kuti musamire kwambiri, koma zimabwera ngati zoonjezera pa zitatu zija. Chimodzimodzi kachitsulo ka RECCO kamene amasokerera m'majekete ena: kamathandiza opulumutsa okhala ndi makina ake, anzanu sangakupezeni nako.

Kubwereka zipangizozi pashopu n'kosavuta. Kuzidziwa ndiye nkhani. M'mawa woyamba ndimakwirira chikwama chokhala ndi DVA m'chipale, n'kuuza ophunzira kuti achipeze, wotchi ili m'manja. Ulendo woyamba ambiri amapitirira mphindi 15. Wina amaiwala kutembenuza kachipangizo kake, ndiye onse amalondola iyeyo. Wina amavula magolovesi, zala n'kuuma, ndodo n'kukanika kulumikiza. Wina amakumba pamwamba penipeni ngati akukumba chitsime, m'malo moyambira chakumunsi n'kumataya chipale kumbuyo. Pofika ulendo wachinayi amachipeza m'mphindi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo nkhope zawo zimakhala zasintha. Ndikatero ndi pamene ndimavomera kutuluka nawo. Pamtsetse wokayikitsa timatsika mmodzimmodzi, ena onse akuyang'ana kuchokera pamalo otetezeka, kuti wina akakokoledwa okumba akhalepo.

Za wokutsogolerani, dziwani kuti tilipo a mitundu iwiri. Ife aphunzitsi a ski lamulo la ku France limatilola kupita nanu off-piste, kupatula pamwamba pa mitsinje ya madzi oundana. Kumeneko kumafunika gaidi wa m'mapiri wokhala ndi chiphaso cha IFMGA, bungwe la magaidi la padziko lonse. Ambiri amandifunsa za Vallée Blanche ya ku Chamonix, imene imayambira pa Aiguille du Midi, phiri la mamita 3,842, lalitali kuposa Sapitwa ndi mamita 840, n'kutsika mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Ndi ulendo wokongola kwabasi, ndipo wodziwa bwino njira zofiira akhoza kuukwanitsa. Koma umadutsa pamwamba pa mtsinje wa madzi oundana, ndipo pansi pake pali ming'alu yakuya imene chipale chimaivundikira pamwamba ngati mbuna, ndipo amene amadziwa pamene ili nyengo imeneyo ndi magaidi oyendamo tsiku ndi tsiku. Ine ndimawatumiza kwa iwowo. Bungwe lawo la Compagnie des Guides de Chamonix lakhalapo kuyambira mu 1821.

Inshuwaransi muiwerenge musananyamuke. Zambiri za tchuthi cha ski sizilipira ngozi ya off-piste, zina zimalipira pokhapokha munali ndi mphunzitsi kapena gaidi. Khadi la GHIC limene okhala ku Britain amayenda nalo limathandiza kuchipatala cha boma, koma silikhudza zokutsitsani m'phiri kapena zokubwezani kwanu, ndipo kuno kukutsitsani pamalo a ski n'kolipira.

Kwa amene mwafika pa njira zofiira ndipo mtima ukukokera kuseri kwa timitengo, pemphani theka la tsiku ndi mphunzitsi, tsiku limene muyeso uli pa 1 kapena 2, pa mtsetse wofatsa wosafika madigiri 30. Mudzagwa kangapo, chifukwa m'chipale chakuya ma ski onse awiri amafuna kulemedwa mofanana, mosiyana ndi momwe munaphunzirira pa piste. Bambo wina wa ku Manchester, kwawo ku Ntcheu, anagwa kasanu ndi kawiri m'mawa umodzi. Ulendo wotsatira anakhota kanayi motsatizana osagwa, nakaima kumunsi ndevu zili mbuu. Anatembenuka kuyang'ana mikwasa yake, n'kundifunsa kuti lifiti yomaliza imatseka nthawi yanji.