Mwezi wathunthu tikuwerenga za pusi

Tsiku lina ndinalowa m'kalasi ya giredi 3 pasukulu ina ku Chawama nditanyamula chithunzi chimodzi chokha. Ana anali odzaza, ena anayi padesiki imodzi, ena pansi pafupi ndi bolodi. Ndinachikweza m'mwamba osanena kanthu. "Kolwe!" anakuwa anyamata akumbuyo. Kamtsikana kena kamene kanali katangobwera kumene kuchokera ku Katete kanapukusa mutu. "Iyayi, ameneyo ndi pusi." Wina anati ndi nyani, ndipo mnzake anamutsutsa kuti nyani amamudziwa bwino, anamuona pa Chirundu akulanda buledi m'lole, ndipo sakhala ndi tsitsi loimirira pamutu choncho. Ndinawasiya akangane kwa kanthawi. Phunziro linali litayamba kale iwo osadziwa.

Patapita milungu iwiri, bambo wina anandipeza pageti. "Aticha, mwana wanga ndinamutumiza kudzaphunzira kuwerenga, osati kudzaweta anyani." Anali ndi ufulu wofunsa. Ndaphunzitsa ana aang'ono kuwerenga kwa zaka zambiri, ndipo yankho limene ndinawapatsa nditaima padzuwa paja linali lalifupi kwambiri. Pano ndilitambasule.

Kuwerenga kumayenda ndi miyendo iwiri. Mwendo woyamba ndi kumasula malembo: mwana aone m ndi a, anene kuti ma, alumikize ndi la, atulutse mala. Pamenepa chilankhulo chathu n'chokoma mtima, chifukwa chimalembedwa monga momwe chimamvekera, ndipo mwana wophunzitsidwa bwino maphatikizo sachedwa kuthamanga nawo. Mwendo wachiwiri ndi kumva chimene mawuwo akunena. Akatswiri awiri, Philip Gough ndi William Tunmer, anafotokoza zimenezi mu 1986: mwendo umodzi ukapanda mphamvu, kuwerenga konse kumatsimphina, ngakhale winawo ukhale wolimba chotani. Aliyense amene anaphunzitsapo amamudziwa mwana wowerenga mokweza bwinobwino, osaphonya lembo, koma ukamufunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani amangoyang'ana kudenga. Wawerenga ngati chinkhwe.

Kuno ku Lusaka mwendo wachiwiriwu uli ndi vuto lakelake. Mu 2014 sukulu zinayamba kuphunzitsa ana a giredi 1 mpaka 4 m'chilankhulo cha m'dera lawo, ndipo kwa ife chinali Chinyanja. Koma Chinyanja cha m'buku si chimene mwana wa ku Kanyama kapena ku Matero amalankhula pampopi. Chake n'cha m'tauni, chosakaniza ndi Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi. Mawu oti nkhalango, mphanda, msipu, chisa, kwa iye ndi achilendo pafupifupi ngati a Chingerezi. Amangoti kubushi, basi. Mawu oterewa salowa m'mutu pongowalemba pabolodi Lolemba n'kuwafufuta Lachiwiri. Amalowa mwana akakumana nawo kambirimbiri, m'nkhani zosiyanasiyana zonena za chinthu chimodzi chimene chamugwira mtima.

Pali kafukufuku wa mu 1988 amene ndimakonda kuuza aphunzitsi anzanga. Donna Recht ndi Lauren Leslie ku America anapatsa ana nkhani yonena za masewera a baseball. Ana ovutika kuwerenga koma odziwa masewerawo anaimvetsa nkhaniyo kuposa ana odziwa kuwerenga koma osawadziwa masewerawo. Ife sitifunikira kupita ku America kuti tikhulupirire. Mnyamata amene amati sangathe ndime imodzi ya m'buku, mupatseni nyuzipepala ya za Chipolopolo muone. Zimene mwana akudziwa kale ndizo zimanyamula zimene akuwerenga. N'chifukwa chake sindikonda kudumphadumpha, lero nkhani ya msika, mawa ya ndege, mkuja ya mano. Ndimasankha mutu umodzi n'kukhala nawo mwezi.

Nanga bwanji pusi? Ali ndi manja, amabereka mwana, amaba, amakangana ndi abale ake. Mwana amadziona mwa iye. Komanso ali kale m'nthano ndi m'miyambi yathu. Ngakhale mwana wobadwira m'komboni amaseka akamva kuti anyani amasekana zikundu. Ndipo pusi amene watsala pang'ono kutha ali ndi chinthu china chimene nkhani iliyonse yabwino imafuna: mavuto. Pamene pali mavuto pamakhala funso loti chifukwa chiyani, ndipo funso limeneli ndilo limakoka mwana kuti atsegule tsamba lotsatira.

Chithunzi chija chinali cha kipunji. Amakhala m'nkhalango zamvula za m'mapiri a kum'mwera kwa Tanzania, makamaka paphiri la Rungwe kufupi ndi Mbeya, ndiponso m'mbali ina ya mapiri a Udzungwa. Ndimayamba ndi iyeyu chifukwa sali kutsidya la nyanja. Ana ambiri ali ndi azakhali kapena amalume amene amakwera basi ya ku Nakonde kukaoda katundu, ndipo ndikawauza kuti ukaoloka pa Tunduma watsala pang'ono kufika kwawo kwa kipunji, mapu a pakhoma amasanduka chinthu chenicheni. Ali ndi ubweya wotuwa mofiirira, mchira wautali woyera kunsonga, ndi tsumba pamutu. Asayansi analengeza za iye mu 2005, ndipo mu 2006 anapeza kuti ndi wosiyana kwambiri ndi apusi ena onse moti anamupatsa gulu lakelake, lotchedwa Rungwecebus potengera phiri lija. Atawawerenga koyamba anapeza kuti alipo ongopitirira pang'ono 1,100 padziko lonse. Ndimauza ana kuti sukulu yathu yokha ili ndi ana ambiri kuposa akipunji onsewo. Pamenepo m'kalasi mumati zii.

Dzinalo palokha ndi phunziro la maphatikizo. Timaliomba m'manja: ki, pu, nji. Phatikizo lomalizalo limavuta ana ambiri, ndiye timalisaka m'mawu ena oyamba ndi nj: njinga, njala, njoka, njovu, njuchi. Tsiku lina timatenga nyani n'kusaka nyumba, nyama, nyemba. Nkhalango imatipatsa nkh, amene amakhumudwitsa ngakhale ana a giredi 4. Nchima, pusi wakuda wa m'nkhalango zathu zowirira, amatipatsa mpata wofotokoza kuti mabuku a sukulu a kuno amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, kuti mwana asadabwe akapeza zonse ziwiri.

Koma chimene ndimakonda kwambiri pa kipunji n'chakuti dzinali silinachokere kwa asayansi. Anthu okhala m'mphepete mwa phiri la Rungwe ankamutcha choncho kalekale, alenje ankamudziwa, ndipo asayansi anangolitola dzinalo. Ndikafika apa ndimapereka ntchito ya kunyumba yopanda buku: pitani mukafunse agogo, amayi kapena aneba mayina a nyama za mtundu wa pusi m'chilankhulo chawo. M'mawa mwake amabwera ndi kolwe wa Chibemba, sokwe wa Chitonga, changa wa maso aakulu woyenda usiku, ndi mayina ena amene ine ndemwe sindinawamvepo. Timawalemba onse papepala lalikulu la pakhoma, ndi dzina la chilankhulo pambali. Mwana amene ankachita manyazi ndi chilankhulo cha kwawo amaona mawu a agogo ake atalembedwa ndi cholembera cha aphunzitsi.

Mlungu wachitatu timaoloka nyanja kupita ku Brazil. Kumeneko, m'nkhalango ya m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic m'chigawo cha Rio de Janeiro, kuli kapusi kofiira ngati moto kotchedwa golden lion tamarin. Ana anga anakapatsa dzina loti kapusi ka manyenje, chifukwa cha ubweya wozungulira nkhope ngati wa mkango, ndipo sindinaone chifukwa chowatsutsira. Kamalemera kungopitirira pang'ono theka la kilogalamu, ndiye ndimabweretsa shuga wa muyeso umenewo m'kapepala kuti aliyense anyamule. Kamagona m'mphako za mitengo, nthawi zambiri kamabereka mapasa, ndipo bambo ndiye amabereka anawo kumsana nthawi yaitali. Mfundo imeneyi imadzetsa phokoso lalikulu pakati pa anyamata ndi atsikana, ndipo phokosolo ndi chilankhulo ndithu. Chithunzi chake chili pandalama ya pepala ya 20 reais ya dzikolo.

Mbiri ya kapusika ndi imene ndimaphunzitsira timawu tating'ono tomwe timagwira nkhani pamodzi. M'zaka za m'ma 1970 kunatsala pafupifupi 200 m'tchire. Mu 1974 boma linapatula malo otetezedwa a Poço das Antas, ndipo kuyambira mu 1984 anthu anayamba kubweza m'nkhalango tiapusi tobadwira m'malo osungiramo nyama. Pofika 2014 tinakwana pafupifupi 3,700. Kenaka kunabuka yellow fever, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu, ndipo chiwerengero chinatsika kufika pafupifupi 2,500. Oteteza nyama anabaya tiapusito katemera, anadzala mitengo yolumikiza tinkhalango tomwe tinali titadukaduka, anamanganso mlatho wa mitengo pamwamba pa msewu waukulu, ndipo mu 2023 anawerenga pafupifupi 4,800. Ndimalemba zochitikazi patimapepala, chilichonse pachokha, n'kutisokoneza. Ana m'magulu amatisanja, kenaka amasankha mawu oyenera kuika pakati: chifukwa, choncho, koma, ngakhale, pambuyo pake. "Tiapusi tinachuluka, koma matenda anabwera." Mwana akaika choncho m'malo mwa koma, anzake amamuwongolera ine ndisanatsegule pakamwa. Timawu timeneti ndi tomwe mwana wowerenga ngati chinkhwe amatidumpha, ndipo ndi tomwe adzatifune mu sayansi ndi m'masamu a mawu akafika giredi 7.

Ndinalakwitsapo, ndipo sindibisa. Chaka choyamba ndinalemba kankhani konena kuti anthu oipa akudula mitengo n'kuotcha makala, ndiye apusi akusowa pokhala. N'zoona kuti kudula mitengo ndi kuotcha makala ndi zina mwa zimene zikuopseza kipunji. Koma ndinaiwala kuti ndili mu Lusaka, mzinda umene umaphikira pambaula. Kamtsikana kena, kolankhula kwambiri masiku onse, kanakhala chete tsiku lonse. Pambuyo pake ndinamva kwa mnzake kuti amayi ake amagulitsa malasha m'timapulasitiki pamsika, ndipo ndalama ya yunifolomu imene kanavala inachokera pamenepo. Ndinali nditawatchula amayi ake kuti oipa, pabolodi, ndi choko. Mwana amene wachita manyazi sawerenga. Kuyambira pamenepo nkhani zanga zimafunsa mafunso: munthu wootcha makalayo akufuna chiyani, pusi akufuna chiyani, nanga magetsi akazima nsima tiphikira pati? Ana amapereka mayankho anzeru kuposa amene ndikanawalembera.

Amene anandithandiza kukonza cholakwacho ndi pusi wina wa pachilumba cha Zanzibar, wofiira kumsana, wa mtundu wa colobus, amene alipo osakwana 6,000. Ameneyu amadya makala. Amakonda masamba a mango ndi a mitengo ina okhala ndi zinthu zopweteka m'mimba, ndipo makalawo amamuthandiza kuchepetsa ululuwo, moti amafika poba makala kwa anthu. Nditawerenga zimenezi m'kalasi, kamtsikana kaja kanaseka mpaka misozi, n'kufunsa ngati amalipira.

Ndisanamizepo munthu: pusi saphunzitsa malembo. Mwana amene sadziwa kusiyanitsa b ndi d sadzadziwa chifukwa chokonda kipunji. Maphatikizo ali ndi nthawi yawo tsiku lililonse, mwadongosolo, mobwerezabwereza, ndipo nthawi imeneyo sindiigulitsa ndi nkhani iliyonse, ikome chotani. Sizifunanso ndalama zambiri. Chithunzi chimodzi chosindikiza, makatoni a kugolosale, choko. Kusukulu kumene kuli kalabu ya Chongololo, yophunzitsa ana kusamala zachilengedwe, theka la ntchito lachitika kale. Kunyumba, kholo lokhala ndi foni lingaonetse mwana kavidiyo ka mphindi ziwiri, kenaka n'kuitseka foniyo ndi kunena kuti, "Tandiuza zimene waona." Kufotokozako ndiko kofunika, ndipo akafotokoza m'Chinyanja cha m'tauni musamudule pakamwa, mubwezereni chiganizo chomwecho muli mawu amodzi atsopano.

Mlungu womaliza ana amalemba okha. Sindiyembekezera zambiri, ziganizo zitatu kapena zinayi, ndipo malembo olakwika ndimawasiya kaye tsiku limenelo. Mwana wa bambo aja a pageti analemba kuti kipunji amakhala pamtengo chifukwa pansi pali agalu, ndipo akufuna kupita ku Nakonde ndi amalume ake kuti akamuone. Mawu oti chifukwa anawalemba molondola ndi pamalo pake. Kamtsikana ka malasha kanadzaza tsamba lonse, chinthu chimene kanali kasanachitepo. Inali kalata yopita kwa pusi wa ku Zanzibar, yomuuza mtengo wa kapulasitiki kamodzi ndi kumuchenjeza kuti amayi ake sapereka ngongole.