Kutafuna Chingerezi si kukhala "eloquent"

Ana ambiri a Folomu 4 amene ndimawaphunzitsa Chingerezi kuno ku Zomba amalikonda liwu lakuti "eloquent", ndipo akamalemba chimangirizo pokonzekera mayeso a MSCE salisiya. Vuto ndi lakuti amalimata pa aliyense wotafuna Chingerezi mosadodoma. Wotereyo ndi "fluent". Wolongolola osapatsa mnzake mpata ndi "talkative".

"Eloquent" linachokera ku liwu la Chilatini lakuti "eloqui", kutanthauza kuyankhula poyera. Limanena za munthu amene mawu ake ndi omveka, osanjidwa bwino, ofika pamtima mpaka womvera kusintha maganizo. Chiyankhulo chake chikhale chilichonse.

Pitani pamlandu wa banja kwa Chikowi kapena kwa Malemia mukaone. Mbali zonse zabwera zitakwiya, amayi a mkazi ayang'ana kumbali. Nkhoswe imaimirira osapupuluma, kupereka ulemu kwa amfumu, kutchula ana amene akuvutika pakatipo, kenako kuponya mwambi umodzi wokha pamalo pake. Mumangoona mitu ikuyamba kugwedezeka. Bambo ameneyo mwina sukulu analekezera Sitandade 5, koma liwuli likumuyenera kuposa mnyamata wa ku yunivesite ya ku Chirunga wounjika mawu ataliatali omwe ngakhale mwini wake sakuwamvetsa. Zimandipweteka ndikaona ana athu akuganiza kuti luso lotere limapezeka m'Chingerezi mokha.

Aristotle, katswiri wa ku Greece, anafotokoza zaka zoposa 2,300 zapitazo kuti wokopa anthu amadalira zinthu zitatu: kukhulupirika kwake, kukhudza mitima ya omvera, ndi mfundo zogwira mtima. Nkhoswe ija ili nazo zonse.

Polemba, liwuli limafotokoza munthu kapena zoyankhula zake: "an eloquent speaker", "an eloquent speech". Lusolo palokha ndi "eloquence", choncho musalembe kuti "she is eloquence". Potchula, tsindikani "e" woyambirira.

Chenjerani pa chinthu chimodzi. Liwuli ndi loyamikira, ndiye musalipereke kwa wogulitsa mankhwala pa depoti ya basi amene akukuuzani kuti botolo limodzi lichiza msana, shuga ndi mutu womwe. Wapakamwa potsekemera ngati ameneyo, amene mawu ake ndi oterera koma opanda kanthu mkati, Angerezi amati ndi "glib".